Phale la a Nasibeko

Ndikuphereni mwambi, abale anga. Ali moyo koma saoneka, amaitana koma samveka. Ndani ameneyo? Musandipatse mudzi msanga, yambani mwamva.

Panali mtsikana wina ku Dedza. Sukulu itatsekera m'nyengo yachisanu, anzake onse anapita kwawo. Iye anatsala kwa azakhali ake, anamwino, amene ankachoka m'mawa n'kubwera dzuwa litalowa. Mtsikanayo ankadzifunditsa bulangete, n'kumawerenga mabuku akale a ku Mangalande, a nthano za mizukwa: nyumba zikuluzikulu zozizira, makandulo, mzimayi wakufa akugogoda pa chitseko popanda womutsegulira. Ankamulirira mzimayiyo mpaka pepala kunyowa.

Masana aliwonse, nkhungu ikatsika m'phiri, pakhomo pankamveka mawu.

“Odi kuno! Ndipaleko moto.”

Anali a Nasibeko, mayi wamasiye wa kuseri kwa mpanda, amene ana awo onse anapita ku Joni. Ankabwera ndi phale m'manja. Akapala khala sankachoka, ankakhala pakhonde n'kuyamba za mbatata, za bondo lawo, za mvula ya chaka chatha. Buku linkadikira.

Tsiku lina mtsikanayo anatopa nazo. Anawapatsira bokosi la machesi pawindo.

“Tengani, agogo, kuti musamavutike n'kubwera.”

“Zikomo, mwanawe,” anatero, akuyang'ana phale lawo.

Sanabwerenso. Mtsikanayo anamaliza mabuku onse, nyumba ili zii. Anayamba kutchera khutu masana, koma kunkangomveka mphepo m'mapaini.

Chisanu chisanathe, anthu anawapeza a Nasibeko atagona osadzukanso. Azimayi posesa m'nyumbamo anapeza machesi ambirimbiri pa shelefu, ndi bokosi lija pamwamba, losatsegula. Moto anali nawo kale. Chomwe ankadzapala chinali mawu akuti “Lowani.”

Mwambi uja wamasuka. Mzukwa weniweni si wa m'buku ayi. Ndi munthu wamoyo amene tasiya kumuyankha. N'kosavuta kulirira wosungulumwa wa papepala, chifukwa sakhalitsa pakhonde. Koma Ambuye akamabwera kwa ife sabwera ndi mabingu, amabwera ndi odi wa mnansi, phale lili m'manja. Tisawapatsire machesi pawindo.

Nditafotokoza fanizoli ku Sande sukulu, kamtsikana kena kanakweza dzanja.

“Achemwali, nanga mtsikana uja akadzakalamba, adzakapala moto kwa ndani?”