Laputopu ya Ndaziona ndi Nsalu ya Kwaya

Mukadutsa mu Limbe lero muona achinyamata atakhala m'makonde a sitolo, laputopu pamiyendo, akujambula makadi a ukwati ndi chala chimodzi. Kale m'makonde omwewo munkakhala amuna a burashi ndi chitini cha penti, ndipo chikwangwani chimodzi chinkawadyera tsiku lonse. Zida zasintha, ana inu, koma mtima wofuna chatsopano ndi womwe uja. Mverani za Ndaziona wa ku Chilobwe, amene pakhomo pake panabadwira mwambi wina.

Ndaziona ankajambula pakompyuta makadi, ndondomeko za maliro, komanso maluwa ndi mawu okadindidwa pansalu. Kompyuta yake inali chibokosi cha patebulo cholira ngati chigayo, ndipo magetsi akangothima, ntchito ya m'mawa wonse inkapita. Mtima wake unali pa malaputopu a mtundu wina, opyapyala, amene anzake onse a m'tauni ankanyadira.

"Bambo a Lonjezo, chigayochi chanditopetsa," ankadandaula kwa mwamuna wake Wayisoni.

"Chikutopetsani, koma ufa chikugaya," Wayisoni ankayankha.

Tsiku lina Ndaziona anakopera zojambula zake zonse pafulashi, nagulitsa chibokosi chija kwa wometa tsitsi wa pamsika, n'kupita ku Limbe kwa wogulitsa malaputopu a kaunjika. Posankha sanapupulume. Anayesa batire, anadina batani lililonse, anatuluka nayo panja kuti aone ngati mitundu ikuwala bwino. Inali yabwinodi. Chimodzi chokha sanafunse: ngati pulogalamu imene ankajambulira ingagwire pa mtundu umenewu.

Sinagwire. Zojambula zinalimo mufulashi, koma laputopu inkakana kuzitsegula.

Mlungu womwewo kunabwera Mayi Nasibeko, wapampando wa kwaya ya amayi, kasitomala wake wamkulu. Nsalu ya kwayayo anajambula ndi Ndaziona chaka chapitacho.

"Mwanawe, tili ndi msonkhano waukulu ku Mulanje. Nsalu ikhale yomwe ija, ungosintha chaka ndi vesi. Kufakitale akuti chojambula chifike Lachisanu, apo ayi tidikire mwezi wamawa."

"Imeneyo si ntchito, amayi," anatero Ndaziona.

Mayiwo atangopotoloka, iye anathamangira kwa wometa uja kuti akabwereke chibokosi chake chakale.

"Asisi, mwachedwa," anatero wometayo, osasiya kumeta. "Zanu zija ndinafufuta zonse. Muno mwadzaza nyimbo. Mukufuna zauzimu kapena zovina?"

Amene anamuikira pulogalamu ija anali mlongo wake, ndipo anali atapita ku Joni. Ndaziona anakawauza Mayi Nasibeko zoona. Mayiwo sanakalipe. Anabwera ndi nsalu yawo ya kwaya, anaiyala patebulo, nati, "Nayi. Uziyang'ana apa, uzijambula."

Ndaziona anayamba duwa ndi duwa, tsamba ndi tsamba, m'pulogalamu yachilendo. Zala zake zinkathamangira mabatani amene zinazolowera, n'kufufuta zimene wangojambula kumene. Lachisanu linam'peza ali pakati. Amayi anapita ku Mulanje ndi nsalu za chaka chatha, zina zosuluka, ndipo amene analowa kwaya kumene anaima kumbuyo atavala zosiyana. Chaka chotsatira Mayi Nasibeko anakapereka ntchito kwina.

Tsiku limene amayi a kwaya aja ananyamuka kupita ku Mulanje, Wayisoni anam'peza mkazi wake pakhonde, laputopu ili pambali, yotseka.

"Ndikabweze, bambo a Lonjezo?"

"Mubweze chiyani? Si inu munkalira mvula? Yagwa. Walira mvula walira matope, mayi a Lonjezo. Pondani."

Anansi anamva mawuwo, nawatenga. Ndaziona sanabweze laputopu ija, ndipo inam'gwirira ntchito zaka zambiri.

Mwambiwu suletsa munthu kufuna zabwino. Mlimi aliyense amafuna mvula. Umangoti chabwino chilichonse chimabwera ndi katundu wake, ndipo wochifuna afunsiretu kuti katunduyo ndi wotani asanataye chakale. Ine nkhaniyi ankandikumbutsa ndi malemu mkazi wanga ndikasokoneza mayina, ndipo tsopano palibe wondikonza. Mmodzi wa inu, wa dzanja labwino, ailembe.