Kadontho Komwe Kanakana

Panali munthu wina, dzina lake Zuze, amene ntchito yake inali yolowetsa mapu m'kompyuta.

Chaka china madzi anasefukira n'kukokolola mudzi wa kwawo. Anthu anakakhala m'matenti pasukulu, ndipo pakati pawo panali mlongo wake Esinati ndi ana ake. Bungwe lomwe Zuze ankagwirako ntchito linalonjeza kuwapezera malo okwera oti amangepo. Koma malo okwerawo ali pati? Dera la kumeneko n'lachidikha, maso amanama. Pomwe ukuti apa ndiye pamtunda, mvula ikagwa ndi pomwe amasonkhana achule.

Kuofesi kunali mapu akale apepala, ofiirira ndi ukalamba. Anawalemba anthu amene anayenda dera lonselo wapansi, kuyeza pokwera ndi potsika. Mapuwo anawajambula pamakina n'kuwalowetsa m'kompyuta. Koma pepala likalowa m'menemo limangoyandama, silidziwa kuti kwawo n'kuti pa dziko lino. Umayenera kulimangirira pa chithunzi cha lero chojambulidwa kuchokera mumlengalenga, monga timachitira ndi neti ya udzudzu, ngodya iliyonse pa msomali wake. Umapeza chinthu chooneka papepala, n'kuchipezanso pachithunzi, n'kubayapo kadontho, kuiuza kompyuta kuti ichi ndi ichi n'chimodzi. Timadontho tikakwana, kompyuta imalikoka pepalalo mpaka ligone pamalo pake.

Zuze anabaya timadontho titatu m'malo momwe mtsinje umakhota, poti mtsinje suvuta kuuona. Kachinayi anakabaya pa thanthwe lalikulu la kuseri kwa manda.

Tsono kompyuta ili ndi khalidwe lake. Imatulutsa nambala yonena ngati timadonthoto tikugwirizana. Nambala ikachepa ndiye kuti ntchito yayenda. Tsiku limenelo inatuluka yaikulu. Titatu ta mumtsinje tinkamvana ngati anthu a kwaya imodzi, koma ka pathanthwe kankakokera kwina.

Anakachotsa n'kukabayanso mosamala. Chimodzimodzi. Anapukuta magalasi ake ndi malaya, n'kuyesanso. Kanakanabe.

Mnzake wa patebulo loyandikana anasuzumira. "Aise, ukadali pompaja? Abwana akufuna mapu mawa. Anthu atopa nawo matenti."

"Kakundivuta ndi aka."

"Kamodzi komweka? Pamsonkhano munthu akamatsutsa yekhayekha, paja amamuuza kuti akapitidweko mphepo panja."

Zuze anaseka, koma mtima sunakhazikike. Akanatha kupita kukaliona thanthwelo ndi maso, kuima pomwepo ndi kachipangizo koyezera malo. Koma unali ulendo wautali, njira ili matope okhaokha. Anakumbukiranso foni ya Esinati ya dzulo lake, yoti mwana wamng'ono wayamba chifuwa m'tenti muja. Pamapeto pake anadziuza kuti, "Atatu sanganame onse."

Anafufuta kadontho ka pathanthwe. Nambala inatsika, mapu anagona bwinobwino, abwana anayamikira.

Chimene Zuze sanachiganizire n'chakuti mtsinje umasamuka. Zaka zonsezo unkadya gombe lino n'kulavulira mchenga gombe linalo, ndipo malo okhota atatu aja anasendera limodzi kumadzulo. Timadontho tija tinkamvana chifukwa tinasochera pamodzi. Thanthwe lokha ndi limene linali pomwe linali kale. Choncho mapu onse anatsetsereka, ndipo chizindikiro cha mtunda chinakagwera padambo.

Zikhomo zosonyeza pomanga nyumba anazikhoma m'chilimwe, pansi pali gwa. Esinati anaumba zidina yekha, mwana ali kumbuyo, n'kumanga kanyumba ka zipinda ziwiri. Mvula yoyamba inadutsa bwino. Ya mu Januwale itakhazikika, madzi anabwera osathamanga, osachita phokoso. Ankangokwera pang'onopang'ono ngati mwini nyumba wabwera kuchokera kuulendo. Palibe amene anafa. Koma zidina zosawotcha sizicheza ndi madzi. Khoma linakhala pansi, chimanga cha m'thumba chinamera.

Zuze atafika kumudziko, anamupeza mlongo wake madzi akumulekeza m'mawondo, akuvuula poto ndi ndodo. Ana anali atawakhazika pachulu. Esinati sanakalipe. Anangomuyang'ana, n'kufunsa kuti, "Achimwene, nanga m'kompyuta mwanu muja, namonso mwanyowa?"

Zuze anapinda buluku n'kulowa m'madzimo kukatola malata.

Inu anzanga, zoterezi sizichitikira a m'maofesi okha. Mwana akatentha thupi, anthu atatu akhoza kukuuzani kuti ndi mano chabe, mmodzi yekha n'kumati thamangirani naye kuchipatala. Kuchuluka kwa milomo si umboni. Mwina atatuwo anamva kwa munthu mmodzi, mwinanso akungonena zimene makutu anu akufuna. Musanamukhalitse chete wotsutsayo kuti pakhomo pakhale bata, dzukani mukaone nokha pomwe waima. Ngati walakwa, mwangotaya nsapato m'matope. Kufufuta sikuchedwa ayi, koma madzi sadziwa kuwerenga nambala.