Buku Lofulatira Ana

Panali munthu wina wa mawu okoma, pa katauni kena ka m'mbali mwa msewu. Dzina lawo a Likongwe. Lamulungu akaima kutsogolo kuwerenga Mawu m'tchalitchi, ngakhale ogona a pabenchi yakumbuyo ankadzuka. Mawu awo ankachokera pansi pa mimba, osati apakhosi awa mumalankhulira inu pa foni.

Pa katauniko panali laibulale. Musaganize za chinyumba chosanja ayi. Kachipinda kamodzi kuseri kwa holo, mashelefu awiri, tebulo, benchi ya kukhoma, ndi mphasa. Komiti inagwirizana kuti Lachitatu lililonse m'mawa tiana ta sukulu ya mkaka tizibwera kudzamva nkhani za m'mabuku. Wowerenga akhala ndani? Funso limenelo silinachedwe. Makosi onse anatembenukira kwa a Likongwe.

Koma kachipindako kanali ndi wina wokasirira. Mkulu wa vidiyo, wa magalasi akuda, ankafuna kuikamo mabenchi nkumaonetsa mafilimu a zibakera. Ndiye wapampando wa komiti, Mayi Nangozo, sanapite m'mbali.

"Abambo, ana akamabwera, chipinda ndi chanu. Mvula yoyamba ikachipeza chili mbee, kiyi ndipereka kwa a vidiyo. Andithera nsapato pakhomo panga."

A Likongwe anangoseka. Munthu amene amadzadza tchalitchi angalephere kudzadza mphasa?

Makatoni a mabuku anali atafika kale kuchokera kwa anthu akufuna kwabwino. A Likongwe anavala jekete, nakhala pa tebulo kusankha. Kasankhidwe kake, monga mmene mumagulira nyama ku butchala. Kwa iwo mawu anali mnofu, zithunzi mafupa. Akatsegula buku nkupeza chithunzi chadzadza tsamba lonse, timawu titatu pansi pake, ankapukusa mutu.

"Uku nkuwabera ana. Pepala lonseli, mawu ake omwewa?"

Limenelo linkabwerera m'katoni, katoni pansi pa tebulo. Akapeza lolemera, zilembo zili thithithi ngati nyerere pa nzimbe yotafuna, ankalisisita. Ili ndiye buku. Za nyimbo ndi masewera anati zimenezo ana akachitira kwawo. Muno pemphero, kuwerenga, mafunso, kubalalika.

Lachitatu loyamba mphasa inadzadza. Tiana tosambitsidwa, nkhope zili phuliphuli ndi mafuta, mphuno zonyowa monga mwa nthawi zonse. A Likongwe anaima monga amaimira Lamulungu. Anakonza kukhosi. Anakweza buku pafupi ndi maso, nayamba. Ndipo anawerenga bwino, zimenezo sindingawanamizire. Amayi opita kuchigayo anaima pawindo, matumba ali pamutu.

Tsopano ndikufunseni inu alezi, ophunzira a mapensulo. Munthu waima. Buku walikweza pamaso pake. Mwana ali pansi pa mphasa. Mwanayo akuona chiyani? Musandiyang'ane ine, ine m'kalasi ndinalowamo pobisala mvula. Yankhani.

Akuona kumsana kwa buku. Chikuto chabuluu, zala za a Likongwe, ndi tsitsi la m'mphuno mwawo. Basi.

Mmodzi anagona. Wina ananyowetsa mphasa. Awiri anamenyanirana kachitsekero ka botolo. Wina anayamba kulira amayi ake, anzake nkumulandira ngati kwaya. A Likongwe anatseka buku napumira m'mwamba. Ana a masiku ano, anatero mumtima. Mlungu wotsatira anasankha buku lolemera kuposa loyamba.

Ana anayamba kupunguka. Owabweretsa ankawasiya pakhomo, koma makolo akangokhota, tianato tinkatuluka mmodzimmodzi kukaonerera wowotcherera njinga patsidya pa msewu. Kumene kuja kunali moto wothetheka, kunali choona. Mkulu wa vidiyo uja anayamba kumafika pawindo, chingwe choyezera m'manja.

"Pitirizani madala, musadandaule za ine. Ndikungoyeza khoma."

Mwana mmodzi yekha sankajomba. Kamtsikana ka zaka zosakwana zinayi, dzina lake Mwandida, mwana wa mayi wogulitsa tomato pamsika. Kachete, chala chili m'kamwa. Koma kanali ndi khalidwe limodzi limene linkawanyansa a Likongwe. Pa mphasa sikankakhazikika. Akangotsegula buku, iko kankakwawa m'mbali mwa khoma, kukwera pabenchi, nkuima kumbuyo kwawo, kampweya kake kakuwatentha khutu.

"Iwe, kumbuyo kwa munthu wamkulu kuli chiyani? Tsika. Khala apo."

Ankakanyamula m'khwapa nkukakhazika kutsogolo. Akangobweza maso m'buku, kampweya kaja kali pakhutu.

Tsiku lina anakadandaula kwa mayi ake pamsika.

"Mayi, mwana wanuyu ulemu alibe."

"Pepani abambo. Kunyumba ndi wofatsa mpaka timamuiwala. Koma Lachitatu amadzuka yekha, masilipasi m'manja, akuti akukaona mbuzi."

"Mbuzi? Mu laibulale mulowe mbuzi ine ndilipo?"

"Inenso ndimadabwa, abambo. Tomato mutenga?"

Dzuwa linapsa. Mitambo inayamba kusonkhana kummwera. Ndiye linafika Lachitatu lina limene a Likongwe anatsegula chitseko, nayala mphasa, nadikira. Panalowa Mwandida yekha. Patsidya pa msewu pankamveka phokoso la ana. M'chipinda muli zii.

Apa mtima wawo unagwa. Anaona m'maganizo mashelefu akutulutsidwa, mabuku ali panja, ndi tiana tomweti titaunjikana pawindo kuonera anthu akuswana mano. Komabe anaima, nakweza buku, nayamba kuwerengera mphasa. Kamwana kanakwera pabenchi. Tsiku limenelo analibe mphamvu zokatsitsa.

Anafika kumapeto kwa tsamba. Ananyowetsa chala kuti atembenuze. Kadzanja kanadutsa paphewa pawo nkupanikiza pepala.

"Agogo, ayi. Mbuzi sinamalize kudya."

Kanali koyamba kumva mawu ake. Anayang'ana pamene panali kachalako. Pakona pa tsamba, pansi pa zilembo zonse zija, panali kachithunzi kang'onong'ono ngati bokosi la machesi. Mbuzi ikukoka nsalu pachingwe. Buku limenelo anali ataliwerenga kangapo konse, koma mbuziyo anali asanaionepo.

"Iwe umabwera kuno chifukwa cha kameneka?"

Mwana anagwedeza mutu, naloza mphasa ndi chibwano.

"Uko kulibe mbuzi."

A Likongwe anatenga buku lija naliimika pa tebulo monga mmene ankaligwirira, mawu kuloza kumene amaima iwo. Anapita pa mphasa. Munthu amene anali asanakhalepo pansi chikwatirire, anapinda mawondo. Mawondo analira ngati nkhuni zouma. Anakhala pansi ndi jekete yomwe, nakweza maso.

Chikuto chabuluu.

Kenako anatambasula dzanja, natsitsa buku, nalitembenuza.

Musaombe m'manja, mavuto ayamba kumene. Buku ukalitembenuza, zilembo zapita kwa mwana amene sadziwa kuwerenga, iwe wodziwa kuwerenga watsala ndi chikuto. Mawu okoma aja analibenso pogwira. Ndiye ndi kamawu kakang'ono, kamene a m'tchalitchi sakanakazindikira, a Likongwe anafunsa:

"Ndiye mbuziyi ikutani?"

Chala chinatuluka m'kamwa. Mbuzi yaba nsalu. Mwini wake wapita kumjigo. Akabwera aikwapula. Koma mbuziyo sikudya ayi, ikunyamula, chifukwa ili ndi mwana wake kunyumba, akumva kuzizira. Mwana wakeyo dzina lake Mwandida. Kanalankhula, kanalankhula, mpaka mayi ake anachita kubwera kudzakatenga, tomato atasiyira mnzawo.

Masana omwewo a Likongwe anakoka katoni ija pansi pa tebulo. Kasankhidwe kanasintha. Buku ankalitsegula, kuliimika pampando, kupita pakhomo, kunyonyomala, nkuyang'ana. Akaona ali pomwepo kuti uyu ndi tambala ndipo wakwiya, uyu ndi mwana ndipo wataya nsapato, bukulo lakhoza. Akayamba kufufuza magalasi m'thumba, bukulo lipite pashelefu likadikire ana a sitandade faifi. Ndipo likakhala ndi chinthu chimene mwana angachite ndi thupi lake, kudumpha, kulira ngati ng'ombe, kupalasa njinga, limenelo linkakhala pamwamba pa anzake.

Odutsa ankawaona atanyonyomala pakhomo, akudzuka, akunyonyomalanso.

"A Likongwe, m'mimba kodi?"

"Ndikusankha mabuku."

Anthu ankayang'anizana. Ukalamba umabwera mosiyanasiyana.

Lachitatu lotsatira sanapite kukapempha ana khomo ndi khomo. Anakokera mphasa pakhomo penipeni, nakhala pansi, Mwandida pambali pawo. Anatsegula buku kuloza kumsewu. Tsamba lonse bakha mmodzi, wachikasu, phazi limodzi lili m'chidebe. Patsidya paja kamnyamata kena kanacheuka. Kanagwira mnzake malaya. Anawoloka awiri. Kenako atatu. Wowotcherera njinga anatsala ndi moto wake.

A Likongwe anaphunzira kugwira buku chammbali, pafupi ndi tsaya, nkumasuzumira ngati munthu woba. Patsamba panali timawu titatu. Timawu titatu timeneto ankatiwerenga ndi mawu onse a Lamulungu, ana nkubwereza mokuwa. Kwinako ankafunsa. Walowetsa bwanji phazi m'chidebe? Atuluka bwanji? Mayankho ankabwera khumi nthawi imodzi, onse abodza, onse okoma. Buku likatha, ana ankati, "Kachiwiri!" Ena ankabwera kudzamusisita bakha papepala ndi zala za mbatata. A Likongwe ankatseka maso, nkuwasiya.

Sikuti zonse zinangoyera. Buku lina la chimbalangondo linawaliza ana atatu, analibweza m'katoni. Mphasa inkanyowabe. Jekete inayamba kutsala pamsomali.

Mvula yoyamba inagwa Lachiwiri madzulo. Lachitatu m'mawa Mayi Nangozo ananyamuka ndi mkulu wa vidiyo, kiyi yachiwiri atamangirira pansonga ya chitenje. Mayiwo ku laibulale anali asanapiteko chiyambire, ankangomva za anthu zoti a Likongwe akuwerengera khoma, ndiponso mutu wayamba kuwasokonekera.

Atafika anasowa popondera. Pakhomo ponse timasilipasi, tinsapato ta pulasitiki, tamatope, tina tosiyana miyendo. M'katimo phokoso ngati pamsika. Anasuzumira.

Mzere wa ana, onse atanyonyomala, manja kumbuyo, akuyenda ngati abakha kuzungulira tebulo. Kutsogolo kwa mzere a Likongwe, thukuta lili kamukamu, malaya atatuluka m'thalauza, akulira, "Kwa! Kwa! Kwa!"

Mayi Nangozo anagwira pakamwa.

"Abambo! Ndinu omwe aja mumatiwerengera Lamulungu?"

"Mayi, pepani, tadikirani pang'ono. Sitinafike kudambo."

Mkulu wa vidiyo anavula magalasi, nawavalanso.

"Mayi, kiyi ija. Mvula yagwatu."

Mayi Nangozo anamuyang'ana, nayang'ana mzere uja, nayang'ana nsonga ya chitenje chawo.

"Achimwene, abakha onsewa ndiwapititse kuti? Kafunseni kwina."

Anavula nsapato, naziika pamulu pa tinsapato tija, nalowa.

Ndiye inu alezi, mwasonkhana lero kuti musankhire ana mabuku. Ndakuonani. Mwakhala pamipando, miyendo mwapingasa, mukuwerenga chamumtima nkumagwedeza mitu ngati madokotala. Buku likukoma kwa inu, chabwino. Koma si inu mudzakhale pa mphasa. Musanalivomereze, liimikeni pampando, mupite pakhomo, munyonyomale. Inde, inunso a siketi yositayo, sing'ambika. Chimene muone muli pansipo ndi chimene mwana adzaone. Mukapanda kuona kanthu, musayembekeze kuti adzakuuzani. Mwana sadandaula ku komiti. Amangodzuka nkutuluka.