Njinga Imene Inkabwera Sabata Yamawa

Panali munthu wina wa mtima wabwino, dzina lake Lufeyo, amene ankagwira ntchito kubungwe lothandiza anthu olumala. Sankakalipa, sankanyoza, ndipo mawu oti ayi ankamuwawa pakamwa ngati tsabola.

M'dera lake munali a Gwaza, bambo wosoka nsapato amene miyendo yawo inafota ali mwana. Anali ndi njinga ya matayala atatu, yopalasa ndi manja. Inali yakutha, yomangamanga ndi mawaya ndi malegeni ofiira, koma m'mawa uliwonse inkawafikitsa pamsika, pansi pa mkuyu pamene ankasokera. Ana awo anayi ankadya za pamkuyu pomwepo.

Bungwelo linali ndi lamulo lake: wofuna njinga yatsopano ayambe wapereka yakale, kuti amisiri atengerepo muyeso wa mpando ndi zogwirira. Lufeyo anafika ndi galimoto kudzatenga ya a Gwaza.

"Nanga ine ndiziyenda bwanji, achimwene?" anafunsa a Gwaza.

"Masabata awiri okha, bambo. Yatsopano ikubwera."

A Gwaza ankadziwa kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo. Komabe anayang'ana nkhope ya Lufeyo naikhulupirira. Anasisita mpando wa njingayo, nalola kuti aikweze.

Sabata isanathe, akuluakulu a bungwe anaitana antchito onse. Anati amene ankatumiza njinga asintha maganizo, zatsopano sizibweranso. Zakale zikhala mosungira katundu mwezi umodzi, eni ake akazifuna azibwezeredwa, zotsala zipita kwa ogula zitsulo. Anawonjezanso kuti nkhaniyi isawande, kuopa kuti anthu angaleke kukhulupirira bungwe.

Lufeyo ananyamuka kukawauza a Gwaza. Anawapeza pakhonde, atasalaza kale dothi la pakhomo kuti njinga yatsopano izilowa bwino m'nyumba. Atangomuona anamwetulira mpaka chibwano.

"Mwatitengera zabwino, achimwene?"

Chilungamo chinafika pammero, nkubwerera.

"Ikubwera, bambo. Sabata yamawa."

Pobwerera Lufeyo anadziuza kuti wachita chifundo. Munthu wosauka kale kumuwonjezera chisoni, za chiyani? Mwina akuluakulu apeza njira ina. Sabata yotsatira ananenanso zomwezo, ndipo ulendo uno sizinamuvute kwambiri. Kenako anayamba kulambalala njira ya kwa a Gwaza.

Kumsika anthu sakanayenda chosavala podikira a Gwaza. Pansi pa mkuyu panakhala wosoka wina. Akazi a Gwaza anayamba kuyenda m'maganyu, ana nkumagona ndi njala.

Mwezi utatha, lole ya ogula zitsulo inafika. Lufeyo anaima pawindo. Pamwamba pa mulu anaona njinga ya malegeni ofiira. Akanangotuluka nkunena kuti iyo ili ndi mwini wake, akanaitsitsa. Koma kuibweza kunali kuvomera kwa a Gwaza kuti anawanamiza kawiri. Sanatuluke, lole inapita.

Patapita masiku, dzuwa lili paliwombo, pakhomo pa ofesi panamveka mawu otopa.

"Odi."

Anali a Gwaza. Anali atavala mapatapata m'manja, akukwawa kuchokera m'mamawa. Maondo anali magazi okhaokha.

"Achimwene, yatsopanoyo isakuvuteni. Mungondibwezera yanga yakale ija."

Apa Lufeyo analibenso kothawira. Anagwada nafotokoza zonse.

A Gwaza anamvetsera mpaka pamapeto. "Tsiku lija munandipeza nditasalaza pakhomo, inalipo?"

"Inalipo, bambo. Pepani."

"Bwenzi mutangondiuza. Ndikanalira tsiku limodzi, m'mawa mwake ndikanapita kuntchito."

Lufeyo anawapempha kuti awaperekeze pagalimoto. A Gwaza anapukusa mutu, navalanso mapatapata awo m'manja.

"Manja angawa ndiwo sanandinamizepo."

Anatembenuka nkuyamba kukwawa, Lufeyo akuwayang'ana mpaka anakhota pamphambano.

Chaka chotsatira kunabwera bungwe lina, la anthu oona, njinga zili m'galimoto momwemo. Anangofuna kuyeza anthu ndi kuwapatsa tsiku lomwelo. Lufeyo anathamanga nawo kwa a Gwaza ali ndi chimwemwe. A Gwaza atamva kulira kwa galimoto anauza akazi awo kuti atseke chitseko. Alendowo anagogoda, anachonderera, koma sichinatsegulidwe. Mpaka lero a Gwaza amakwawa.

Inu amene mwavala malaya a bungwe lero, mwamva. Lufeyo sanabe kanthu, ndipo ndi chifukwa chake nkhaniyi imandiopsa. Munthu akakupatsani njinga yake, ndodo yake kapena dzina lake kuti mulembe, wakupatsani miyendo yake. Zikavuta, muuzeni tsiku lomwelo, njinga ikadalipo. Pepani sapoza chilonda, ndipo chitseko chimene mwatseketsa inu chidzatsekera ndi anzanu obwera pambuyo panu.