Tsiku Limene Nkhanga Anatseka Pakamwa

Nkhanga ndi Kakowa ankakhala moyandikana m'mphepete mwa dambo la Chitungwi, ndipo ankapemphera mpingo umodzi pansi pa mtengo wa mkuyu. Koma pa nkhani ya pemphero sankamvana. Nkhanga ankati Kakowa ndi waulesi, chifukwa m'mawa uliwonse ankangoima duu m'madzi osanena kanthu. Kakowa ankati mnzakeyo amagogoda pakhomo pa Mulungu n'kuthawa asanamutsegulire.

Kunena zoona, Nkhanga anali wolimbikira. Kukwaya anali iye, kusesa pamalo opempherera anali iye, kuzonda odwala analinso iye yemweyo, kuwonjezera pa kulera anapiye khumi ndi awiri. Ankapemphera ali chithamangire: "Ambuye ndithandizeni, ndachedwa, ameni!"

Tsiku lina m'chilimwe, dzuwa lili paliwombo, osaka mbewa anayatsa tchire kumtunda kwa dambo. Nkhanga anasonkhanitsa ana ake n'kuthawira nawo pamchenga wa kumtsinje, kumene moto sukanafika. Atawawerenga anapeza khumi ndi mmodzi. Ndaziona, wamng'ono pa onse, panalibe.

Anabwerera m'tchire akukuwa. "Ndaziona! Ndaziona iwe! Mulungu wanga, ndionetseni mwana wanga!" Anathamangira kuchulu, analowa m'bango, anatulukira komwe anachokera. Utsi unayamba kumuwawa m'maso.

Kakowa anatera patsogolo pake atatambasula mapiko. "Amake Ndaziona, taimani."

"Ndichokereni, achemwali! Simukuuona motowo?"

"Ndauona. Ndazungulira kawiri m'mwambamu, koma udzu watalika, mwana sakuoneka. Inu mwamufunsa Mulungu kakhumi konse. Mwamupatsako mpata woti ayankhe?"

"Ndiime chilili mwana wanga akupsa?"

"Mwathamanga ndipo simunamupeze. Tsopano imani. Moto ndikuyang'anirani ine. Ukafika pamsuku apo ndikuuzani."

Nkhanga anali asanachitepo chinthu chovuta chotero. Miyendo inkafuna kuthamanga yokha, mfuu inali itadzadza pakhosi. Koma anakanikiza zikhadabo zake m'dothi n'kutseka pakamwa. "Ambuye, ndakhala chete," anatero chamumtima. "Sindichoka pano mpaka mulankhule."

Poyamba ankangomva kuthetheka kwa moto ndi kugunda kwa mtima wake. Anapirirabe. Kenako mantha anayamba kuphwa, ndipo mumtima mwake munabwera mawu ofatsa, osakuwa: "Usaope. Bwerera njira imene unadzera ndi ana, koma pang'onopang'ono."

Anamvera. Anayenda phazi limodzilimodzi, akuima n'kutchera khutu, ngakhale phulusa lotentha linkamugwera pamsana. Atafika pokhota njira anamva kamawu kosasa kakuchokera pansi: "Amayi... amayi..." Ndaziona anali atagwera m'dzenje limene osaka mbewa anakumba, udzu n'kuphimba pamwamba.

"Achemwali, ali muno!" anaitana Nkhanga, uku akupalasa udzuwo ndi mphamvu zake zonse.

"Moto wafika pamsuku!" anayankha Kakowa akutera. Anapisa mlomo wake wautali m'dzenjemo n'kumutulutsa mwanayo, nauluka naye. Nkhanga anatsatira pansi, malawi atamuwaula kale nthenga za kumchira.

Kumchenga kuja, Ndaziona atamwa madzi, anakwawira pansi pa phiko la mayi ake. "Amayi, munadutsa katatu pafupi ndi dzenje lija," anatero. "Ndinkakuitanani, koma munkakuwa kwambiri, simunandimve."

Nkhanga anamufungatira mwanayo, misozi ili chuchuchu.

Lamulungu lotsatira Nkhanga anaimirira pamaso pa mpingo. "Abale ndi alongo, tsache ndalitula, atenge ena. Kukwaya ndizibwera, odwala ndiziwazonda, koma m'mawa musandiitane. Nthawi imeneyo ndi yomvetsera."

Ena anang'ung'udza kuti wayamba kuzilala. "Nanga asese ndani?" anafunsa Gologolo. Nkhanga anamupatsira tsachelo m'manja, mpingo wonse n'kuseka, koma Nkhangayo sanasinthe maganizo.

Kukhala chete sikunamuphwekere. Masiku ena pakamwa pankamuyabwa, maganizo akuthamangira ku ntchito zimene zinkamudikira, ndipo nthawi zambiri sankamva chilichonse chachilendo. Komabe sanadumphitsepo tsiku. Pang'ono ndi pang'ono ana ake anazindikira kuti akamalankhula, mayi awo amawamvetsera mpaka amalize, ndipo odwala anayamba kunena kuti Nkhanga akabwera kudzazonda, masiku ano amakhala pansi.

Phunziro: Pemphero si kulankhula kokha, ndi kumveranso. Ngakhale ntchito zabwino zingathe kutitseka makutu ngati sitiima. Tsiku lililonse patula nthawi yokhala chete pamaso pa Mulungu, ndipo uiteteze, pakuti Iye amalankhula mofatsa ndipo wothamanga amapitirira yankho lake.