Rauta ya Bambo Mtambalika

Ana inu, nkhaniyi ikukhudza Bambo Gresham Mtambalika, amene anapuma ntchito yokonza mawailesi, mwana wawo Elinati, ndi malume ake a Elinati, Aphunzitsi Chikaonda.

Mudzi wawo uli m'chigwa momwe foni sigwira. Intaneti inkafika kudzera pa mlongoti wa padenga, n'kulowa m'kabokosi kotchedwa rauta, kamene kamaigawa m'nyumba. Bambo Mtambalika atamva kuti akuba amalowera pa rauta zogula, anapanga yawo kuchokera ku kompyuta yakale. Anailamula kuti izikana chipangizo chilichonse chachilendo. Mawu achinsinsi anawasunga m'mutu mokha, ndipo batani loyambitsira zonse mwatsopano analimata ndi guluu.

Aphunzitsi Chikaonda anawachenjeza kuti, "Alamu, lembani mawuwo penapake. Siyaninso polowera eni nyumba."

"Ndadziwa kale zimenezo," anayankha Bambo Mtambalika. "Muno simulowa ngakhale nyerere."

Patapita miyezi isanu, Elinati anaitanidwa ku mafunso olowera sukulu ya unamwino, ochitikira pa intaneti nthawi ya 9 koloko m'mawa. Anabwereka laputopu ya malume ake. Rauta inaikana.

"Ababa, sikulola!"

"Taima, ndiiuze kuti ndiwe mwana wanga."

Bambowo analemba mawu achinsinsi, inakana. Analembanso, inakana, pakuti mawuwo anali atawasokonekera m'mutu. Kachitatu inadzitseka kwa tsiku lathunthu, monga momwe iwo eni anailamulira. Anakanda guluu uja ndi mpeni, koma anali atauma gwa.

"Kodi yakukanani inunso?" anafunsa Elinati.

Mtsikanayo anathamangira kuphiri kumene foni imagwira, koma pofika pamwamba nthawi inali itadutsa. Malo ake anaperekedwa kwa wina.

Ndiye chifukwa chake timati, "Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo." Kudzipangira chinthu si kulakwa, ndipo wakuba sanalowedi m'nyumbamo. Koma wokana malangizo amatsekera kunja mbala pamodzi ndi ana ake omwe.

Banja litakhala pansi, Aphunzitsi Chikaonda anagamula kuti rautayo imangidwenso anthu awiri akuona, ndipo mawu achinsinsi alembedwe m'buku la nyimbo la mayi a m'nyumba. Bambo Mtambalika anavula chipewa navomera.