Mutu m'Botolo la Chiponde

Tinalipo ine, mwana wanga Ndaziona ndi achimwene anga a Zakeyu, eni golosale yaikulu pamsika. Amene panalibe ndi Nangondo, mayi wamasiye wogulitsa chiponde, chonsecho nkhani inali yake.

Ndaziona amajambula makatuni otsatsira malonda a anthu wamba pa intaneti. Katuni ya chiponde cha Nangondo inawalanda makasitomala achimwenewo.

"Ujambule kuti chiponde chakecho n'chonyansa," anatero a Zakeyu. "Ukakana ndilanda laputopu ndinakugulira ija."

"Chabwino malume," anayankha mwana atagwada. "Koma nkhope ya munthu wonyansidwa sindiitha. Talawani ndionere pa inu."

Patebulo panali botolo la chiponde limene Nangondo anabwereka Ndaziona kuti azionera pojambula. A Zakeyu anatenga supuni yanga, kulawa, n'kukwinya nkhope.

"Sindinaone bwino, bwerezani."

Supuni yachitatu anaiwala kukwinya. Posakhalitsa tinangomva kwee, kwee, akukokota pansi pa botolo.

Kutacha katuni inatuluka: bambo wa chimimba, mutu wonse uli m'botolo. Mmunsi mwake analemba kuti, "Ngakhale adani sachisiya." Pofika masana Nangondo chiponde chinali chitamuthera.

A Zakeyu anamupeza Ndaziona pamsika, anthu ali unjiunji. Anamulozetsa foni.

"Wandinyoza iwe! Ameneyu ndine!"

"Nkhopetu sikuoneka, malume. Kapena mukuti munadyadi chiponde cha Nangondo mpaka kukokota?"

Anayang'ana anthu, anayang'ananso foni.

"Ayi... si ine."

"Nanga laputopu yalakwanji?"

Laputopu ikadali m'nyumba muno. Chatsala n'chakuti botolo lija a Zakeyu sanamulipire Nangondo, ndipo supuni yanga anaipinda pokokota paja mpaka lero sanandibwezere.